Dimba la Mumphika: Kusamala Zomera Pakhomo ndi M'nyumba

Aliyense amene adayendapo pa msewu wa M1 kuchoka ku Lilongwe kupita ku Dedza amadziwa kuti pa Nathenje sipasowa matimati, anyezi ndi kabichi. Ku msika wa Mitundu nakonso ndiwo zamasamba zimapezeka ngakhale m'chilimwe, mvula itasiya kalekale. Alimi a madera awiriwa adazolowera ntchito ya kudimba ndi ya nazale, ndipo pafupi ndi Mitundu pali sukulu ya zaulimi ya Bunda, yomwe kuyambira mu 2012 ili pansi pa yunivesite ya LUANAR. Nzeru imene mlimi wa kumeneko amalerera nayo mbande pa nazale ndi yomweyonso imene mayi wa ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota angasamalire nayo chomera chake cha mumphika.

Mfundo yaikulu ndi iyi: chomera cha kumunda chimadzifunira chokha madzi ndi chakudya potambasula mizu, koma cha mumphika chimadalira mwiniwake pa zonse. Zomera zambiri za m'nyumba zimafa ndi zinthu ziwiri, madzi ochuluka ndi mdima.

Poyamba pezani chodzalamo. Mphika wakale wadothi, ndowa yobooka, chitini kapena thumba la ufa, zonsezi zimathandiza, bola pansi pake pakhale mabowo otulukira madzi. Pa bowo lalikulu ikanipo phale kuti dothi lisamatayike. Mphika wadothi umauma msanga kusiyana ndi wapulasitiki, choncho umafuna kuthiriridwa kawirikawiri.

Dothi la katondo, lomwe ndi lofala m'chigawo chapakati, limauma gwa likakhala mumphika, ndiye amalisakaniza: magawo awiri a dothi lakuda lapamwamba, gawo limodzi la manyowa owolerana ndi gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje. Inu a kunyanja dothi lanu ndi lamchenga kale, kotero musawonjezere mchenga wina, koma chulukitsani manyowa kuti chinyontho chizikhalitsa. Ndowe zaziwisi kapena zitosi za nkhuku zomwe sizinawole zimawotcha mizu.

Nanga kuthirira? Pisani chala m'dothi kufika pa mfundo yoyamba. Ngati muli chinyontho, dikirani mawa; ngati mwauma, thirirani mpaka madzi atuluke pansi. Masamba akamasanduka achikasu dothi lili chinyowere, dziwani kuti mizu ikuwola. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi zomera zimamwa pang'ono, pamene mu Okutobala za pakhonde zingafune madzi tsiku ndi tsiku, makamaka kunyanja kumene kumatentha kwambiri. Madzi otsukira mbale okhala ndi mafuta ndi mchere musathirire.

Nyumba zathu zambiri zili ndi mawindo ang'onoang'ono, ndipo m'katimo mumakhala mdima woposa m'mene maso athu amaonera. Ndiwo monga mpiru, bonongwe, tsabola ndi matimati zimafuna dzuwa la maola osachepera 6 pa tsiku, choncho malo ake ndi pakhonde kapena pabwalo, pa thandala pomwe mbuzi ndi nkhuku sizingafike. M'nyumba mwenimweni ikanimo zomera zopirira mthunzi monga Sansevieria, chija cha masamba oongoka ngati malupanga. Aloe vera amakonda pawindo powala bwino ndi madzi ochepa. Chomera chikamatalika monyozoloka nkumapendekera kuwindo, ndiye kuti chikusowa kuwala. Chisunthireni pafupi ndi windo ndipo muzitembenuza mphikawo sabata iliyonse. Masamba akachita fumbi apukuteni ndi kansalu konyowa, ndipo nsabwe zikagwira nsonga zitsukeni ndi madzi a sopo pang'ono.

Makolo asamale zinthu ziwiri. Choyamba ndi madzi otsalira m'mbale ya pansi pa mphika. Udzudzu umaikira mazira m'madzi oima, ndipo kukatentha umatha kukhwima m'masiku 7 mpaka 10 okha. Tayani madziwo mukangotha kuthirira. Chachiwiri ndi zomera zaululu. Nkhadze ili ndi utomoni woyera umene umapweteka maso koopsa, ndipo Dieffenbachia, cha masamba aakulu amawangamawanga chimene ambiri amakongoletsera pabalaza, chimatupitsa lilime ndi pakhosi mwana akachitafuna. Pakhomo pamene pali ana okwawa, zomera zoterezi zikhale patali. Utomoni ukagwera m'diso, tsukani ndi madzi ambiri ndipo thamangirani kuchipatala.

Pali mphekesera yoti chomera chikagona m'chipinda chimalanda mpweya wa anthu usiku. Zoona zake nzakuti mpweya umene chimagwiritsa ntchito ndi wochepa zedi poyerekeza ndi wa munthu mmodzi. Choopsa chenicheni m'chipinda chotseka ndi mbaula ya makala, yomwe imatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo. Enanso amati zomera zimayeretsa mpweya wa m'nyumba, potengera kafukufuku wa bungwe la NASA la ku America wa mu 1989. Kafukufukuyo adachitikira m'mabokosi otsekedwa, ndipo akatswiri ena atawunikanso nkhaniyi mu 2019 adapeza kuti m'nyumba wamba miphika yochepa siingafanane ndi kutsegula mawindo.

Phindu lenileni la dimba la mumphika ndi looneka ndi maso: tsabola ndi anyezi wamasamba pafupi ndi khitchini, ndiwo zothyola mitengo ikakwera pamsika, pabalaza pokongola alendo akabwera, komanso ana ophunzira kulera chinthu chamoyo. Yambani ndi miphika iwiri kapena itatu, mwana aliyense apatsidwe wake woti aziuyang'anira m'mawa asanapite kusukulu. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha; mpiru wofesa lero mudzayamba kuthyola pakangotha mwezi umodzi ndi masabata ochepa.