Mwana wosokoneza zilembo si mbuli

M'makalasi odzadza a sukulu za pulaimale m'boma la Dedza, kaya ndi ku Bembeke, Linthipe kapena Lobi, mumapezeka ana amene masamu a pamtima amakhoza, nthano amafotokoza bwino, koma akapatsidwa buku amangoti kakasi. Amasokoneza "b" ndi "d", amadumpha mawu, anzawo n'kumawaseka. Kunyumba amawanena kuti ndi aulesi, ndipo ena mapeto ake amasiya sukulu.

Kawirikawiri vutoli ndi lomwe akatswiri a maphunziro amalitchula kuti dyslexia. Ubongo wa mwana umavutika kulumikiza chilembo ndi liwu lake. Si vuto la maso, si kulodzedwa, ndipo nzeru zake zimakhala zili bwinobwino. Nthawi zambiri limakhala lakumtundu.

Sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020 kaamba ka Covid-19, maphunziro ena adapita pawailesi, ena paintaneti ndi m'magulu a WhatsApp. Pawailesi mwana wotereyu amatola phunziro ndi khutu. Koma m'gulu la pafoni, momwe notsi zimabwera zazitali ndipo anzake amayankha mwachangu, iye amatsalira akulimbana ndi mzere woyamba.

Mu 2023 unduna wa zamaphunziro udakhazikitsa ndondomeko ya BEFIT yopereka matabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Maphunziro ake, okonzedwa ndi bungwe la onebillion, ali m'Chichewa ndipo salira intaneti. Mwana amavala mahedifoni, amamva liwu la chilembo uku akuchiona, ndipo amabwereza popanda womuseka.

Komabe tabuleti silowa m'malo mwa mphunzitsi. Koleji ya Montfort ku Chiradzulu imasula aphunzitsi a ana ovutika kuphunzira, koma ndi ochepa poyerekeza ndi sukulu zowafuna.

Zina sizilira ndalama. M'gulu la pafoni, mphunzitsi atha kutumiza phunziro ngati uthenga wa mawu ndi kulola mwanayo kuyankha pakamwa. M'kalasi, ampatsiretu ndime yoti adzawerenge mawa, osamudzidzimutsa pamaso pa anzake. Pantchito ya pagulu, mnzake alembe, iye afotokoze.

Makolo oona zizindikirozi asathamangire chikwapu. Akaonane ndi mphunzitsi wamkulu kapena mlangizi wa sukulu za m'dera lawo mwana akadali m'makalasi oyambirira, poti thandizo limagwira bwino likabwera msanga.