Musanamutche waulesi, yambani mwamufunsa

Ngati mwasankhidwa kutsogolera Conselho de Escola ya kwanu, mukugwira ntchito ndi anthu osiyana kwambiri: mkulu wa sukulu, aphunzitsi, makolo, ophunzira ndi oimira mudzi. Sipatenga miyezi iwiri musanayambe kuwaika m'magulu mumtima mwanu. Uyu ndi waulesi, uyo ndi wamwano, winayo angobwerera dzina. Maganizo otere amafika msanga, koma kuwachotsa n'kovuta, ndipo amatha kukutayitsani anthu amene sukulu ikuwafuna.

Taganizirani za mayi woimira makolo amene amakhala chete pamsonkhano uliwonse, ndipo acta ikadutsa kuti asaine amakankhira mnzake. N'kosavuta kunena kuti alibe chidwi. Koma kalembera wa 2017 adapeza kuti anthu 39 pa 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo m'dziko muno sadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo mwa amayi ndi pafupifupi theka. Ngati msonkhano ukuchitika m'Chipwitikizi, ndipo acta sinawerengedwe mokweza, mayiyo akukana kuika dzina lake pa mawu amene sanawamve. Kumeneko n'kusamala. Mukamudumpha, mwataya munthu amene akudziwa mtsikana aliyense wasiya sukulu m'mudzimo, ndi chifukwa chake.

N'chimodzimodzi ndi bambo wa ku Tsangano kapena ku Angónia amene amajomba misonkhano ya mu February. Chaka cha sukulu chimayamba mvula ili pakati, ntchito yakumunda yachuluka, mitsinje yopanda milatho yadzaza. Nayenso mphunzitsi wosowa kumapeto kwa mwezi mwina wapita ku Ulónguè kukatenga malipiro kubanki, popeza kumene akuphunzitsa kulibe banki. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Kufunsako kuli ndi njira yake. Musafunse pagulu, chifukwa munthu akachititsidwa manyazi amadziteteza m'malo mofotokoza. Mupezeni payekha, m'chinenero chimene amayankhula kunyumba. Yambani ndi zimene mwaona, osati zimene mwaganiza: "Bambo, misonkhano iwiri yapitayi sitinakuoneni. Kwagwanji?" Mukatero khalani chete, ayankhe mpaka amalize. Funso loti "Bwanji simusamala za sukulu?" ndi chigamulo kale, ndipo yankho lake limakhala mkwiyo kapena bodza.

Mukamva yankho, chitanipo kanthu, apo ayi kufunsa kwanu kusanduka mwambo chabe. Nthawi zambiri mankhwala ake safuna ndalama: kusuntha msonkhano kuti ukhale madzulo anthu ataweruka kumunda, kuwerenga acta mokweza ndi kuimasulira m'Chichewa asanasaine, kugwirizana kuti aphunzitsi azipita kubanki mosinthana kuti makalasi asatsale opanda munthu.

Izi sizikutanthauza kulekerera. Nthawi zina mudzapeza kuti munthuyo akunyalanyazadi ntchito, kapena ndalama za sukulu zimene adasunga sizikukwana. Pamenepo lamulo ligwire ntchito, nkhaniyo ipite kumsonkhano ndi kulembedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti mudzakhala ndi umboni m'manja, ndipo anzake adzaona kuti adapatsidwa mpata woyankha.

Msonkhano wotsatira usanafike, sankhani munthu mmodzi amene mudamuweruza kale mumtima. Mukamuyendere kwawo, mumufunse chimene chikumuvuta pa ntchitoyi.