Mpanda Wotchinga Memori mu Linux

Chiyambire chaka cha 1991, pamene Linus Torvalds anayamba kulemba Linux ku Helsinki, mwambo unali wakuti pulogalamu wamba isayerekeze kulamula yokha chipangizo cha m'kompyuta, koma ipereke pempho lake kwa kernel, amene ali ngati nyakwawa yosunga nkhokwe ya mudzi, wotapa ndi kugawa yekhayo. Sikunali kuuma mtima ayi. Zipangizo zambiri zili ndi mphamvu ya DMA, ndiyo yowerenga ndi kulemba m'memori osadzera mwa purosesa, kotero kuti wolamulira khadi imodzi ya netiweki akhoza kuvundukula zinsinsi za anzake onse, ngakhale kupasula kernel yemweyo.

Komatu kupempha nthawi zonse kumachedwetsa, ndipo amene amayendetsa makompyuta ena m'kati mwa kompyuta imodzi, pogwiritsa ntchito KVM ndi QEMU, anaumirira kuti zipangizo ziperekedwe m'manja mwawo. M'chaka cha 2007 inalowa njira ya UIO yolola pulogalamu wamba kulamula chipangizo, imene inatsegula khomo koma osamanga mpanda.

Mpandawo unachokera kwa osula zipangizo. Intel anautcha VT-d, AMD nautcha AMD-Vi, ndipo dzina la onse ndi IOMMU: kachipangizo koima pakati pa khadi ndi memori, kofufuza adiresi iliyonse m'kaundula amene kernel walemba, ndi kukana yosalembedwamo. Pa maziko amenewa Tom Lyon wa ku Cisco anayala ganizo la VFIO, lopereka chipangizo kwa pulogalamu wamba m'kati mwa mpandawo, mu 2010, Alex Williamson wa ku Red Hat nalikonzanso, kufikira linalandiridwa mu Linux 3.6 m'chaka cha 2012.

Nzeru yeniyeni ya ntchitoyi, m'kuona kwanga, ili pa kuvomereza kuti mpandawo suzinga chipangizo chilichonse pachokha. Zipangizo zina zolumikizidwa pa mlatho umodzi wa PCI zimatha kutumizirana uthenga osafika pa IOMMU, ndipo zina zimaoneka kwa iye ngati wotumiza mmodzi. Chifukwa chake VFIO imaziika m'gulu, ndipo wofuna chimodzi salandira kanthu kufikira kernel ataleka kuyendetsa zonse za m'gululo. Anyamata ofuna kupereka khadi ya zithunzi kwa Windows yoyenda m'kati mwa Linux kuti asewere magemu (ndipo ngambiri ndithu) amadandaula nalo lamuloli, ena mpaka kumata chigamba chotchedwa ACS override, chimene chimanamiza kernel kuti zipangizozo nzolekanitsidwa. Osamalira Linux sanachilandire chigambacho, ndipo anachita bwino, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ngakhale njira yopanda IOMMU, imene anailoleza mu 2016, imasiya chizindikiro chakuti kernel wadetsedwa, kuti wobwera ndi dandaulo pambuyo pake asaloze chala osalakwa.

Walira mvula walira matope. Popeza khadi ikhoza kulemba nthawi iliyonse, memori yonse imene yapatsidwa iyenera kukhomeredwa pamalo pake, osasunthidwira ku disiki, ngakhale makina atapanikizika chotani, ndipo ichi nchowawa kwa eni nyumba zikuluzikulu za maseva, amene phindu lawo lili pa kugawa memori mochenjera. Nkhani ya kaundula uja inakulanso kotero kuti mu Linux 6.2, m'chaka cha 2023, Jason Gunthorpe wa ku NVIDIA ndi anzake anaipatula kukhala gawo lakelake, iommufd, kuti ndi mbali zina za kernel zomwe zithe kuigwiritsa ntchito.