Chinsinsi cha bezi chili m'bokosi

Pamsewu wochoka pa boma la Nsanje kulowera kumalire a Marka, kudutsa m'dera la mfumu yaikulu Ndamera, galimoto zina zonyamula anthu zimamveka zisanaoneke. Bezi imagunda mpaka magalasi kunjenjemera.

Achinyamata ambiri amaganiza kuti chinsinsi chake n'kugula sipika yaikulu, koma nkhani yagona pa bokosi lomwe sipikayo yakhalamo.

Sipika ya bezi, yomwe amaitcha subwoofer, ikamakankha mpweya kutsogolo imakhala ikuukoka kumbuyo. Popanda bokosi, mafunde awiriwa amafafanizana ndipo bezi imasowa.

Mabokosi odziwika ndi awiri. Lotseka paliponse ndi losavuta kukhoma ndipo limateteza sipika. Sipika zambiri za mainchesi 12 zimafuna bokosi lotere la malita pafupifupi 30 mpaka 40. Lina limakhala ndi bowo lomwe amalowetsamo paipi. Ili limafuula kwambiri, koma limakula kufika malita 50 kapena 60, ndipo limafunika kuchuna.

Munthu akauzira pakamwa pa botolo, limalira liwu limodzi malinga ndi kukula kwake ndi khosi lake. Bokosi la bowo nalo n'chimodzimodzi. Paipi ikatalika, liwu limatsika. Ikafupika kapena kukula m'mimba mwake, liwu limakwera. Masamu ake adawalongosola Neville Thiele wa ku Australia mu 1961, ndipo Richard Small adawaonjezera m'zaka za m'ma 1970.

Mabokosi ambiri a m'galimoto amawachuna pakati pa 30 ndi 40 Hz. Poyesa, mmisiri amaliza mawu oyesera motsitsa voliyumu. Pomwe sipika yachepetsa kugwedezeka koma mphepo ikutuluka yambiri pabowo, ndi pomwe bokosi lachunidwa.

Ngozi ili pa mawu otsika kuposa pamenepo. Mpweya wa m'bokosi umaleka kugwira sipika, iyo n'kumavina mopyola muyeso mpaka kung'ambika. Ndalama zomwe zikadagula ufa zimathera pomwepo.

Nyengo ya m'chigwa cha Shire nayo siichitira chisoni sipika. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo koyilo yomwe yatentha kale ndi ntchito imapsa msanga. Dzinja likafika, thabwa la MDF limafufuma likanyowa, bokosi n'kuyamba kupuma m'mbali. Pulayiwudi yokhuthala mamilimita 18, yomata bwino ndi guluu, imapirirako.

Chomwe sichigulidwa pamsika ndi makutu. Akatswiri a zaumoyo amachenjeza kuti phokoso lopyola madesibelo 85 kwa maola 8 patsiku limaononga makutu, ndipo akaonongeka chotero sachira. Dalaivala ndi kondakitala amakhala m'phokosolo tsiku lonse, ndipo khanda lomwe mayi walifungatira kumpando wakumbuyo ndilo limayandikana kwambiri ndi bokosi.

Bokosi lochunidwa bwino limamveka mokoma ngakhale voliyumu ili pansi, ndipo dalaivala amamvabe hutala ya mnzake ndi belu la wakabaza.