Kakompyuta kamene sikaloledwa kuchedwa

Ana inu a ku Likuni, Mitundu ndi Nathenje, wina atakufunsani kuti kwanu kuli makompyuta angati, mwina mungayankhe kuti kulibe ndi imodzi yomwe. Tayang'ananinso bwino. Mita ya ESCOM imene bambo amalowetsamo manambala a mayunitsi ili ndi kompyuta m'kati mwake. Kabokosi kamene kamakhala pakati pa sola ndi batire kalinso nayo. Ndi kachinthu kakuda kamiyendo yambirimbiri, kopanda galasi loonerapo, ndipo amisiri amakatcha microcontroller.

Mutu wake ndi wochepa zedi. Kamene kali pa bolodi ya Arduino Uno, imene ophunzira zamagetsi ambiri amayambira, dzina lake ndi ATmega328P. Malo ake osungira zimene kakuganiza pa nthawiyo amangokwana zilembo 2,048, moti ngakhale theka la nkhani mukuwerengayi silingalowemo. Komanso kamagwira ntchito imodzi pa nthawi imodzi. Kamangothamanga kwambiri, n'chifukwa chake ife timaona ngati kakuchita zonse pamodzi.

Tinene kuti mlimi wa nkhuku ku Mitundu ali ndi makina ofungatira mazira. Mazira a nkhuku amaswa pakatha masiku 21, ndipo amafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 37.5. Kakompyuta kamayeza kutentha, kuyatsa kapena kuzimitsa chotenthetsera, kuona ngati nthawi yotembenuza mazira yakwana, kenako n'kuyambiranso. Kakachedwa ndi sekondi imodzi, palibe dzira limene lingaonongeke. Makina otere safuna zambiri, ndipo ine ndimaona kuti mmisiri wowaunjikira mapulogalamu akuluakulu amangodzipezera mutu waching'alang'ala.

Nanga makina odula mapepala, onga amene amapezeka m'nyumba zosindikiza mabuku ngati Likuni Press? Apa pali mpeni, pali injini, pali mabatani, ndipo pali dzanja la munthu. Dzanja likayandikira mpeni, kakompyuta sikanganene kuti, "Dikirani kaye ndimalize kulemba manambala pagalasi." Yankho lolondola likafika mochedwa, chala chapita kale.

Pamenepa amisiri amaikamo pulogalamu yapadera yotchedwa RTOS. Ntchito yake ndi kugawira ntchito zina zonse nthawi, ndipo iliyonse imapatsidwa udindo wake, ina pamwamba, ina pansi. Mwaonapo amayi akuvundula nsima, khanda n'kuyamba kukwawira ku mafuwa? Salinda kuti nsima ipse. Amasiya mthiko pompo, kunyamula mwana, kenako n'kubwerera kukapitiriza pamene anasiyira. RTOS imachita chimodzimodzi: ntchito yapamwamba ikaitana, yapansi imaimitsidwa, n'kusungidwa bwino kuti idzapitirire pambuyo. Ngakhale zili choncho, mmisiri wosamala amaikanso batani lofiira lodula magetsi mwachindunji, losadalira pulogalamu iliyonse.

Mwina mukufunsa kuti, bwanji osangoikamo Android ya m'foni, poti ndi yamphamvu? Choyamba, siingakwanemo. Chachiwiri, foni imafulumira nthawi zambiri koma siilonjeza kanthu. Inu nomwe mukudziwa momwe imaimira zii gemu ili pakati.

Tsono posankha RTOS, funso lalikulu la mmisiri ndi lakuti: pa tsiku limene ntchito zonse zaitana nthawi imodzi, ntchito yofunika kopambana ingachedwe mpaka pati? Akatero amaona ngati pulogalamuyo ikwane m'kamutu kochepa kaja, ngati ikugwirizana ndi kakompyuta kamene ali nako, ndiponso ngati thumba lilola. FreeRTOS, imene Richard Barry anayamba kulemba cha m'ma 2003 ndipo kampani ya Amazon inayamba kuiyang'anira mu 2017, ndi yaulere komanso yaing'ono. Wogula bolodi ya ESP32 amaipeza kale m'mapulogalamu ake. Zephyr, imene bungwe la Linux Foundation linailengeza mu 2016, nayonso ndi yaulere, ndipo imabwera ndi zida zambiri zolumikizira makina ku Bluetooth ndi intaneti. VxWorks ya kampani ya Wind River ndi yogula, ndipo yakwerapo ndege ndi zombo za m'mlengalenga.

Koma kusankha bwino sikuthetsa mavuto onse. Pa 4 Julayi 1997, chombo cha bungwe la NASA chotchedwa Mars Pathfinder chinatera pa pulaneti ya Mars, chitanyamula kagalimoto kamatayala 6 kotchedwa Sojourner. Kompyuta ya chombocho inkayendera VxWorks. Patangopita masiku ochepa, inayamba kumangodzizimitsa n'kudziyatsanso yokha.

Chinavuta n'chiyani? Ntchito ina yapansi, yotolera za nyengo ya ku Mars, inkatenga kiyi wa malo amene ntchito zimapatsirana mauthenga. Isanabweze kiyiyo, ntchito zapakatikati zinkailanda nthawi, poti zinali zazikulu kwa iyo. Ntchito ina yapamwamba inkafuna kiyi yemweyo, choncho inkangodikira. Taonani zodabwitsa zake: wamkulu akulinda wamng'ono, wamng'onoyo watsekerezedwa ndi wapakati. Ndiye kunali ntchito ina yolondera, imene ikaona kuti yapamwamba ija sinamalize pa nthawi yake inkaganiza kuti zinthu zaonongeka, n'kuyambitsanso kompyuta yonse.

Ku Mars kunalibe munthu woti akatsegule bokosi. Akatswiri a ku Jet Propulsion Laboratory ku California anali ndi kompyuta ina yofanana ndendende ndi ya m'chombomo. Anaiyendetsa mpaka vuto lija litaonekera pamaso pawo, kenako anatumiza kusintha kochepa kudzera pa wailesi. Lamulo latsopano linali lakuti wamng'ono akagwira kiyi amene wamkulu akumufuna, abwerekedwe udindo wa wamkuluyo mpaka atabweza kiyi, kuti wapakati asamudule. Chombocho chinapitiriza kutumiza mauthenga mpaka pa 27 Seputembala chaka chomwecho. Lamulo lobwereketsa udindoli lilimonso mu FreeRTOS, yomwe mwana wa ku Nathenje angaiyese pa ESP32.