Mitengo ya pa Zitunda za Migodi

Aliyense amene anayendapo pamsewu wa ku Kitwe amalidziwa phiri lakuda lija la ku Nkana, limene anthu amalitcha Black Mountain. Phirilo silinalengedwe ndi Mulungu ayi. Ndi zotsalira za miyala ya mkuwa zimene zinaunjikidwa kwa zaka zambiri. Ku Ndola nako, mgodi wakale wa Bwana Mkubwa unasiya zipsera zake. Kuzungulira matauni a ku Copperbelt kuli madamu ndi zitunda za matope a m'migodi, malo amene chimanga sichimera ndipo mphepo ya mu Ogasiti imanyamulapo fumbi n'kulitula m'mbale za ana athu.

Pa 18 Febuluwale 2025, damu la zinyalala la kampani ya Sino-Metals ku Chambishi linagumuka. Madzi a asidi okwana pafupifupi malita 50 miliyoni anathamangira mu Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinayandama zakufa, minda ya m'mbali mwa mtsinje inapserera, ndipo mipopi ya mu Kitwe inatsekedwa kwa masiku angapo.

Kodi nthaka yotere ingachirenso? Funso limeneli ndilo akhala akulisanthula akatswiri a pa Copperbelt University, sukulu imene inakhazikitsidwa mu 1987 ku Kitwe. Pulofesa Stephen Syampungani ndi anzake anaona chinthu chimene ambirife timangochipitirira: pa zitunda zina zakale, mitengo yachilengedwe inamera yokha popanda woibzala. Anayamba kuilemba mayina, kuyeza nthaka ya pamizu pake, ndi kupima kuchuluka kwa mkuwa m'masamba ndi m'mizu.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mitengo ina imakoka chitsulo n'kuchikweza mpaka m'masamba, pomwe ina imachitsekereza kumizu. Kusiyana kumeneku si kwa m'mabuku chabe. Tsamba lodzala mkuwa likagwa limabweza poizoni pamwamba pa nthaka, ndipo mbuzi ikalidya, vutolo lalowa m'khola la banja. Choncho amene afuna kuphimba chitunda ayenera kudziwa mtengo woyenera, osati kungobzala bulugamu chifukwa amakula msanga. Mizu ya mtengo woyenera imagwira matope kuti mvula isawakokolole, ndipo masamba ake akamawola amayamba kupanga dothi latsopano pang'onopang'ono.

Tinene mosabisa: mitengo siingaletse damu kugumuka, ndipo kafukufuku asakhale chobisalira cha eni migodi amene ayenera kumanga madamu olimba ndi kulipira amene anaonongeredwa minda. Papa Francisco, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, anatikumbutsa kuti amphawi ndiwo amayamba kuvutika chilengedwe chikaonongeka. Ku Copperbelt amphawiwo ndi amayi olima ndiwo m'madimba a m'mbali mwa Kafue, amene alibe chipangizo choyezera madzi amene amathirira repu wawo. Zotsatira za kafukufukuyu ziyenera kuwafika m'chilankhulo chawo, ngakhale kudzera m'miphakati ya m'maparishi athu.