Kodi mumadziwa kuti zeze wa harp amaimbidwanso mu jazi?

Jazi timamudziwa ndi malipenga, piyano ndi ng'oma. Koma mayi wina wa ku Detroit, m'dziko la America, Dorothy Ashby, anatchukitsamo zeze wamkulu wa harp, uja ambiri amangomuona pa zithunzi za angelo. Chimbale chake choyamba, The Jazz Harpist, chinatuluka mu 1957, ndipo mu 1968 anatulutsa Afro-Harping. Alice Coltrane, wa ku Detroit komweko, anadzatsatira ndi Journey in Satchidananda mu 1971.

Sinali ntchito yamasewera. Zeze ameneyu ali ndi nsambo 47 ndi zopondera 7, ndipo kuti liwu likwere kapena kutsika pang'ono, woimba amayenera kuponda ndi phazi. Jazi amasintha mawu mwadzidzidzi, motero mapazi amathamanga ngati zala. N'chifukwa chake oimba harp mu jazi ndi owerengeka mpaka lero. Brandee Younger ndi Edmar Castañeda wa ku Colombia ndi ena mwa iwo.

Wa ku Mua, Golomoti kapena Mtakataka amene anamvapo bangwe sangadabwe ndi luso lotere. Woimba bangwe amakhwatcha nsambo ndi dzanja limodzi, kwinaku zala za dzanja linalo zikutseka nsambo zosafunika kuti zisalire. Jazi wathu wa kumudzi, monga wa Alan Namoko ndi Chimvu Jazz Band, anatsamira pa banjo. Bangwe naye akuyenera kupatsidwa malo m'magulu a achinyamata oimba jazi, akuluakulu odziwa kumanga nsambo zake akadali moyo.